Msilikali Amene a Chester Ankabisa Kumbuyo

A Chester anali mlamu wanga, mwamuna wa mchemwali wanga Millie, ndipo pa Chinakanaka panalibe wailesi imene inadwala osadutsa m'manja mwawo. Kashopu kawo kanali kuseri kwa msika, kodzadza mawaya, masipika ong'ambika ndi fungo la mtovu wosungunuka. Munthu wake anali wamfupi, wa magalasi, wofatsa mpaka kukwiyitsa. Ukawafunsa funso ankayamba apukuta kaye magalasi ndi nsonga ya malaya, yankho n'kubwera iwe utaiwala chimene unafunsa. Ine Thomson ndinali wosiyana nawo kutalitali. Ndinakhala kapitawo wa otchola tiyi zaka makumi awiri, ndipo pakamwa panga sipanaphunzirepo kudikira. Nditapuma ntchito, ofesi yanga inali khonde la shopu yawo, ndi bolodi yanga ya drafuti ndi zitsekerero za mabotolo m'thumba.

Iwo anabadwira kutsidya, ku Milange. Anaoloka ali mnyamata kudzafuna ntchito m'tiyi monga ankachitira ambiri, n'kuphunzira za magetsi poonerera makaniko wa kufakitale. Kwawo anasiya mayi awo ndi mng'ono wawo mmodzi yekha, Yosefe. Nkhondo itafika ku Milange mu 1986, mayi aja anaoloka ndi chitenje chokhacho chimene anavala, n'kudzamwalira kwathu kuno chaka chisanathe. Yosefe sanaoloke. Anthu amfuti anamupeza kumunda n'kumutenga kuti akawasenzere katundu, ndipo kuchokera tsiku limenelo panalibe amene anamuonanso.

Ndiye Loweruka lililonse a Chester ankadzuka tambala woyamba, kupopa njinga, ulendo wa ku Muloza. Amene mukuudziwa msewu umenewo mukudziwa kuti si pafupi. Ankasankha Loweruka chifukwa ndilo tsiku limene othawa nkhondo amene aoloka sabata imeneyo ankakwezedwa malole kupita kumisasa. Ankayenda pamzere wonse kuyang'ana nkhope imodziimodzi, kufunafuna munthu wa chipsera pachibwano, chimene Yosefe anachipeza atagwa mumtengo wa mango ali mwana. Lole yotsiriza ikanyamuka, iwo n'kukwera njinga kubwerera. Anachita zimenezi zaka zisanu ndi chimodzi, mvula kaya dzuwa.

Abale awo amene anaoloka anatopa nazo. Amalume awo ankabwera chaka ndi chaka ndi mawu amodzimodzi: munthu akasowa chonchi timadula thunthu la nthochi, timalikulunga m'nsalu n'kuliika m'manda, anthu alire, amete, mzimu upeze pogona. A Chester ankawamvetsera mpaka amalize, n'kuwathirira tiyi wina. Kenako ankati, "Amalume, ine sindinabadwe ndi nthochi. Mundionetse mtembo, manda ndikakumba ndekha." Nkhani n'kuthera pomwepo mpaka chaka china.

Makina amene anayambitsa nkhani yonseyi anabwera kumayambiriro kwa 1992. Mzungu wina wa kuesiteti anawabweretsa kuti akonzedwe: kabokosi kotuwa kokhala ndi kaseti imodzi, ndi kakanema kake kakang'ono. Asanabwere kudzatenga anamusamutsa, n'kungotumiza uthenga kuti a Chester asunge. Vuto linali kawaya kamodzi kokha. Atakalumikiza n'kukoka moto kubatire ya galimoto, pagalasi panatuluka dziko la timabokosi ngati bolodi ya drafuti, koma lokhala ndi mitsinje, mitengo ndi mapiri, ndipo m'timabokosimo munaima tianthu tonyamula mikondo.

Sitinkatchula kuti masewera a nkhondo, ayi ndithu. Masiku amenewo amuna awiri kukhala m'chipinda n'kumakambirana za kulanda mlatho, mawa lake mukanakafotokoza bwino kwinakwake. Tinkangoti bawo wa azungu, ndipo wobwera ndi wailesi akafunsa tinkati tikuyesa galasi.

Kaseweredwe kake kanali kotere. Uli ndi asilikali asanu ndi atatu. Umasuntha mmodzimmodzi, aliyense masitepe ake owerengeka, ukamaliza adani nawo n'kusuntha awo. Wamkondo amalimba kutsogolo. Wauta amalasa ali patali, koma akamupeza pafupi ndi nkhuku chabe. Wapakavalo amathamanga poyera, m'nkhalango n'kumakodwa. Palinso sing'anga wopoletsa mabala a anzake. Ndipo poyamba penipeni makina amakufunsa dzina la aliyense. Sing'anga uja a Chester anamutcha Millie. Chimunthu china chonyamula nkhwangwa, chaphokoso, choyenda ngati chadya kalongonda wambiri, anachitcha Thomson, n'kuseka mpaka kuvula magalasi. Kamnyamata kauta, kowonda, anakatcha Yosefe.

Ndisaname, masewera aja anali ndi nzeru. Ine ndasewera drafuti kuyambira ndili ndi kabudula wong'ambika kumbuyo, ndipo kuchokera pa Chinakanaka mpaka ku Boma amene anandidyapo kawiri motsatizana sindikumukumbuka. Koma m'drafuti zitsekerero zonse n'zofanana, ndipo bokosi ndi bokosi basi. Umu malo anali ndi ntchito: ukaima paphiri muvi wako umafika patali, ukalowa m'mitengo adani amakuphonya. Msilikali akamenya nkhondo zambiri amakula mphamvu, moti pakatha mwezi umamudziwa ngati mnansi wako, zimene angathe ndi zimene sangathe. Sankafuna manja othamanga, ankakudikira uganize ngakhale ola lathunthu. Ndipo wakufa ankafa ndithu. Nkhondo ikatha kaseti inkasunga yokha zonse osafunsa munthu, wagwa wagwa, dzina lake n'kufufutika pamndandanda. Pothawira panali pamodzi pokha: kuzula waya kubatire nkhondo isanathe, n'kuiyambiranso nkhondoyo pachiyambi.

Koma zoipa zake nazo, ha! Kuchedwa kwake. Mafumu a m'menemo ankalankhula Chizungu chachitali ngati ulaliki wa pa Khirisimasi, batire n'kumatha munthu asanaponye ngakhale muvi umodzi. Nthawi zina umakonza zonse bwinobwino, msilikali wako n'kuphonya mdani amene waima pamphuno pake, popanda chifukwa. Zimenezo zinkandinyansa, chifukwa m'drafuti ukadya wadya, za mwayi mulibe. Koma choipa chachikulu ndinachiona ine sabata yoyamba yomwe: adani aja anali opusa. Akaona msilikali wofooka ali poyera, onse ankasiya malo awo abwino n'kumuthamangira ngati nkhuku zaona chiwala. Munthu wa drafuti akaona zotere malovu amadzadza m'kamwa.

A Chester ankasewera ngati mayi wooloka msewu wa malole ndi ana. Wina aliyense akagwa, ngakhale Thomson wankhwangwa uja, ankazula waya n'kuyambiranso. Koma Yosefe ndiye sankamulola n'komwe kununkhiza nkhondo. Ankamuika kumbuyo kwenikweni, kuseri kwa mtengo kapena khoma, ndi wamkondo mmodzi womulondera. Sanaponyepo muvi. Ndiye poti wosamenya sakula, anzake onse anasanduka zimphona iye adakali kamwana ka tsiku loyamba.

Anayenda bwino choncho mpaka nkhondo ya khumi ndi chiwiri, ya pamlatho. Adani anali tsidya lina, pamalo okwera. Kuti uoloke pankafunika anthu onse asanu ndi atatu, koma a Chester ankamenya ndi asanu ndi mmodzi, poti wina wabisala, wina akulondera wobisalayo. Miyezi iwiri yathunthu, masana aliwonse ntchito ikachepa, mlatho womwewo, waya womwewo. Ine pambali ndinkachita kuyabwa thupi lonse.

"Alamu," ndinkatero, "kamnyamatako kaikeni pakamwa pa mlatho. Atsika onse kudzakadya, inu n'kuwatsekera kumbuyo. Kupereka imodzi, kudya zisanu. Ngakhale mwana wa sukulu amadziwa zimenezi."

"Ameneyo sapita kutsogolo."

"Ndi chithunzi, alamu! Timadontho ta magetsi!"

"Ndamva. Sapita kutsogolo."

Ndinkatuluka ndikutukwana chamumtima. Millie anandikokerapo pambali tsiku lina n'kundiuza kuti, "Achimwene, asiyeni. Chimene amakachita ku Muloza ndi chimene amachita pagalasipo n'chimodzi. Musalowererepo." Ndinamuyankha kuti za amuna azisiye, akaone ndiwo zake pamoto. Lero ndikakumbukira yankho limenelo ndimachita manyazi ngakhale ndili ndekha.

Loweruka lina mu Juni, chiperoni chitaphimba phiri, a Chester anapalasa njinga kupita ku Muloza n'kundisiyira makiyi monga mwa nthawi zonse, kuti obwera kudzatenga mawailesi asabwerere. Pofika teni koloko kunali kusanabwere munthu, aliyense ali pamoto kwawo. Batire inali yodzadza. Ndinadziuza kuti ndingoyesa, ndione ngati nzeru yanga ndi yoona, kenako ndizula waya mwini wake osadziwa kanthu.

Ndinamutenga Yosefe kuseri kwa mtengo wake n'kumuyendetsa mpaka pakamwa pa mlatho, yekhayekha. Ena onse ndinawabisa m'mitengo mbali iyi ndi iyo. Iii, zinayenda ngati ndinachita kulota. Adani anatsika paphiri pawo onse, piringupiringu pamlatho. Woyamba anamubaya, wachiwiri anamumaliza. Kamnyamata kaja kanagwada, ndipo pansi pa galasi panatuluka mawu ake otsiriza m'Chizungu, opepesa kuti sikanathandize mokwanira. Kenako kanazimiririka.

Apa ndiye ndikufuna mumve bwino, chifukwa kwa nthawi yaitali ndinkadzinamiza kuti zinachitika mwangozi. Waya unali pafupi ndi bondo langa. Ndinauyang'ana ndithu. Koma adani asanu ndi awiri anali atapanikizana pamlatho ngati mbuzi m'khola, anthu anga ali uku ndi uku. Ndinati ndidye kaye awiri ndione. Ndinadya awiri. Ndinati mmodzi yekha basi. Thomson wankhwangwa uja anagwetsa mtsogoleri wawo kamodzi n'kamodzi, otsala n'kuthera pomwepo, ine n'kuimirira m'shopu mopanda munthu ndikukuwa kuti, "Mwaona! Mwaona!" Kanyimbo kachipambano kanalira, ndipo ndisanakhale pansi kaseti inali itasunga. Ndinazula waya, ndinalumikiza, ndinazulanso. Pamndandanda panatsala mayina asanu ndi awiri.

A Chester anafika dzuwa litapendeka, matope mpaka m'mawondo. Anayang'ana nkhope yanga, n'kuyang'ana galasi. Anawerenga mayina ndi chala, kawiri.

"Mwaoloka mlatho," anatero.

"Ndaoloka."

"Nanga Yosefe?"

Ndikanangonena zoona akanakwiya, mwina kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo. Mwina akanandithamangitsa pakhonde pawo mwezi umodzi. Zikanathera pomwepo, nkhani ya mlamu wamakani amene waononga masewera. Koma ine, kapitawo wosazolowera kupepesa, ndinati, "Alamu, ndinamusiya pomwe mumamusiya, kuseri kwa mtengo, womulondera ali pambali. Muvi unangochokera kosadziwika, pomaliza penipeni. Ndisanagwire waya zinali zitasunga."

"Simunamutulutse?"

"Sindinamukhudze n'komwe."

Anakhala pabenchi. Anavula magalasi koma sanawapukute. "Miyezi iwiri ndamenya pamlathopo," anatero, "muvi sunafikepo pamtengo uja. Sungafike. Ndinawerenga timabokosi."

"Makina ndi makina, alamu. Tiyambirenso pachiyambi, mumulembenso dzina."

"Munthu sabadwa kawiri." Anavalanso magalasi. Kenako anati, "Lero lomwe, ine ndili kumalire kumufunafuna. Basi. Ndamva."

Ndinadziwa nthawi yomweyo chimene amva: kuti Yosefe weniweni wamwalira. A Chester anali munthu wa tchalitchi, wodziwa magetsi, woseka za maula. Koma mtima umene wadikira zaka zisanu ndi chimodzi umangofuna wina auuze kuti pumula, ndipo ine ndinali nditaupatsa muvi wochokera kosadziwika. Pakamwa panga pamene sipadikira paja, tsiku limenelo panadikira.

Loweruka lotsatira njinga sinatuluke. Anali atatumiza kale uthenga kwa amalume awo. Thunthu la nthochi analidula kuseri kwa nyumba ya Millie n'kulikulunga m'nsalu yoyera, ndipo ine ndinanyamula nawo kupita kumanda. Linali lolemera kuposa mmene ndinkaganizira, madzi ake akudonthera paphewa langa. A Chester analira monga sanalirire pamaliro a mayi awo. Titabwerera, amalume aja anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri n'kunena kuti, "Tamva kuti munalipo pamene maso awo anatseguka. Zikomo, bambo, mwatithandiza." Ndinavomera zikomoyo.

Choipa china n'chakuti a Chester anaoneka ngati achira. Anameta, ananenepako, tulo ankagona. Makina aja anawaphimba ndi nsalu n'kuwaika pashelefu ya pamwamba. Loweruka ankatulutsa benchi n'kukhala nane pabolodi ya drafuti, imene kale sankaifuna. Ine n'kumadziuza kuti bodza langa lasanduka mankhwala. Millie ankandiyang'ana nthawi zina mopitirira muyeso, koma sanandifunse kanthu.

Chaka chotsatira, nkhondo kutsidya itatha, anthu anayamba kubwerera kwawo. M'mawa wina mu Ogasiti panafika bambo wamtali wotsamira ndodo, dzina lake Pilato. Ankachokera kumsasa wina wa kuchigwa cha Shire, ndipo anali atayenda masiku atatu m'maesiteti kufunsa za Chester wa ku Milange, mpaka wina anamulozera kwa wokonza mawailesi. Ndinalipo, ndinamupatsa mpando ndine.

Anati iye ndi Yosefe anasenza katundu limodzi zaka zonsezo, n'kuthawanso limodzi. Anatchula chipsera cha pachibwano, anatchula dzina la mayi awo. Anaoloka pa Muloza Lachitatu lina mu Julaye chaka chathacho, Yosefe miyendo itatupa, akutsokomola, osatha kuyenda yekha.

"Ankati achimwene anga ali kuno, amagwira m'tiyi," anatero Pilato. "Amayi ena ogulitsa nthochi pamenepo anatiuza kuti kunkabwera bambo wa magalasi, wa njinga, Loweruka lililonse kudzafunsa mng'ono wake, koma kwawo sakukudziwa. Iye anati ndi iwowo, abwera. Loweruka m'mawa anandipempha ndimukhazike kutsogolo kwenikweni, m'mbali mwa msewu, kuti aoneke bwino. Njinga iliyonse ankadzutsa mutu. Lole yathu inanyamuka masana. Kumsasa anakhalako miyezi iwiri. Ndinamuika m'manda ndine, ndipo ndinamulonjeza kuti ndidzakupezani."

A Chester anafunsa funso limodzi lokha, loti linali Loweruka liti. Pilato anati lachiwiri la mweziwo. Ine ndinawerenga chamumtima. Linali Loweruka lachitatu chichokereni tsiku la mlatho, ndipo ndinalikumbukira bwino lomwe. Tinali pakhonde, dzuwa likuwala, ndipo ndinawalekerera kuti andidye katatu motsatizana. Anaseka tsiku limenelo mpaka anthu a mumsika anatembenuka.

Millie anamutenga mlendo uja kupita naye kunyumba kuti akadye. Tinatsala awiri. A Chester anakwera pabenchi, anatsitsa makina aja n'kuchotsa nsalu.

"Ndinakhulupirira chidole, alamu," anatero. "Ine, munthu wa magetsi. Mwana wa mayi anga atakhala m'mbali mwa msewu, ine ndikukankha zitsekerero."

"Sichinali chidole," ndinatero. "Ndine."

Ndinawauza zonse. Kuti ndinamutulutsa kuseri kwa mtengo ndi dzanja langa, kuti ndinamuimika pakamwa pa mlatho ngati nyambo, kuti waya unali pabondo panga ndipo ndinauona, kuti muvi wochokera kosadziwika kunalibe. Ndinkafuna andimenye ndi chitsulo chawo chowotchera mtovu. Anandimvetsera mpaka ndimalize, monga ankachitira ndi amalume awo. Kenako anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya malaya, nthawi yaitali.

"Munadya angati?" anafunsa.

"Alamu, chonde."

"Pamlathopo. Munapereka mmodzi. Munadya angati?"

"Asanu ndi awiri."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndiye munasewera bwino," anatero. Anaphimbanso makina aja, anawabwezera pashelefu, n'kutenga wailesi ya munthu imene inkadikira patebulo.

Anakhala ndi moyo zaka zina khumi ndi chimodzi. Sananditukwanepo, sanauze munthu, ndipo sanasiye kunditcha alamu. Wailesi yanga ikafa ankaikonza. Koma pabolodi sanakhalenso, ndipo inenso zitsekerero zija ndinazitaya m'dzala. Loweruka lililonse, ngakhale malole anali atasiya kalekale ndipo pamalire pankangodutsa ochita malonda, ankadzuka tambala woyamba, kupopa njinga, ulendo wa ku Muloza. Makiyi ankasiyira Millie.